Chakudya chikachuluka paulendo, mungadzigwire bwanji?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa amayi ena amene amayenda kwambiri pa nkhani za ntchito. Akuti kunyumba amadya mosamala chifukwa adokotala anawachenjeza za shuga, koma akafika kuhotelo kumene zakudya amaziyala patebulo kuti aliyense adzitengere, amabwereza kawiri katatu, usiku n'kugona akudziimba mlandu. Akufunsa kuti, "Kodi ndine wofooka mtima?"

Ayi mayi, si kufooka. Thupi la munthu limatopa ndi kukoma kumodzi, koma lilime likakumana ndi kukoma kwina, chilakolako chimadzukanso ngakhale mimba yadzaza. Wofufuza za kadyedwe Barbara Rolls ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1981: anthu amene anapatsidwa masangweji a mitundu inayi anadya kwambiri kuposa pamene anapatsidwa mtundu umodzi. Kunyumba mumakhala ndi ndiwo imodzi kapena ziwiri, pomwe kuhotelo ziliko khumi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso tulo. Pabedi lachilendo ambiri sitigona bwino. Ofufuza a ku University of Chicago anapeza mu 2004 kuti anyamata amene anagona maola 4 okha masiku awiri, homoni ya njala yotchedwa ghrelin inakwera, ya kukhuta yotchedwa leptin inatsika, ndipo ankalakalaka kwambiri zotsekemera. Ndiye mukafika pa chakudya cham'mawa mutatopa, dzanja limathamangira keke lokha.

Chimene chinandithandiza ine ndi kusankha ndisanagwire mbale. Ndimazungulira tebulo lonse chimanjamanja, n'kuona zimene zilipo, n'kusankha zitatu zokha. Theka la mbale ndimayamba ndi masamba, kenako nyama kapena nsomba, zokhutitsa pomaliza. Ndikakhala pansi ndimafulatira tebulo lija, chifukwa maso ndiwo amayamba kudya. Mtima ukati bwereza, ndimadikira mphindi 20 ndikucheza ndi anzanga, poti uthenga wakuti wakhuta umachedwa kufika ku ubongo. Nthawi zambiri mphindizo zikatha, njala ija imakhala kulibe.

Koma mdani wamkulu, mmene ndikuonera, ndi kaganizo kakuti "zalipiridwa kale, ndikasiya ndaluza." Kameneka kanandivutitsa zaka zambiri. Ndalamayo yapita, kaya mudye mbale imodzi kaya zinayi. Mbale zitatu zowonjezerazo sizibweza kalikonse, zimangokupatsani tulo pamsonkhano wa masana ndi shuga wokwera madzulo. Ngati pali chinthu chimene simuchipeza kwanu ndipo mukuchifunadi, tengani kachidutswa, muchidye pang'onopang'ono, osachita manyazi. Zimene mumadya tsiku lililonse kunyumba zisiyeni patebulo pomwepo.

Chenjerani ndi zakumwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wowonjezera asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, koma kachitini kamodzi ka kola ka 330 ml kali ndi pafupifupi 35. Juwisi wa zipatso nayenso amawerengedwa momwemo.

Musadumphe chakudya cham'mawa pofuna kusungira malo chamadzulo, makamaka ngati mukumwa mankhwala a shuga. Musananyamuke, kambiranani ndi adokotala anu za nthawi yodyera. Mukabwerera n'kupeza sikelo yakwera kilo imodzi kapena awiri, musadzilange ndi njala. Gawo lalikulu ndi madzi amene thupi lasunga chifukwa cha mchere ndi zokhutitsa, ndipo amatsika pakapita masiku ochepa mukayambanso kudya monga mwa masiku onse.