Musatumize ndalama musanaone mzere wa Barnes

Achimwene, imani kaye. Pepala la masiginecha a timu ya cricket ya Australia ya 1948 lomwe mukufuna kugula, mwaika chithunzi chakelo, ndi limene akuba amakonda kwambiri, ndipo satifiketi imene wogulitsayo akuionetsa isakupusitseni. Aliyense wokhala ndi printa atha kuipanga madzulo amodzi.

Yambani ndi kuwerenga mayina. Osewera amene anapita ku England chaka chimenecho anali 17, kuyambira kaputeni wawo wotchuka Don Bradman mpaka Ron Saggers. Kenako pitani pa dzina la Sid Barnes. Bambo ameneyu anatopa ndi kusainasaina, anapangitsa chidindo cha labala, ndiye pa mapepala ambiri enieni dzina lake ndi lodinda, osati lolemba pamanja. Anthu osadziwa amabweza pepala labwinobwino chifukwa cha chidindocho, pomwe wakuba wosadziwa mbiriyi amalemba dzina la Barnes mwaluso ndi inki yofanana ndi ya anzake onse.

Zowawa zimabwera tsiku lomwe katundu wafika. Mwalipira, mwadikira masabata angapo, mwatsegula envelopu manja akunjenjemera. Patali likuoneka bwino. Mukaika galasi lokulitsa zinthu kakhumi, mizere ya inki ija ikusanduka timadontho ting'onoting'ono ta makina osindikizira. Mukalipendeketsa pa kuwala kwa pawindo, palibe pomwe nsonga ya cholembera inakanda pepala. Mukalitembenuza, kuseri kuli see, inki sinalowerere ngakhale pamodzi. Masiginecha onse akuda mofanana, ngati kuti anthu 17 anali ndi dzanja limodzi. Chikasu cha ukalamba chija chili paliponse mofanana, ndipo mukanunkhiza mumva tiyi. Pepala lokalamba lokha limayamba kuda m'mphepete ndi m'mapindo. Mukamati mumulembere wogulitsa uja, akaunti yake yatsekedwa kalekale. Anthu amenewa alibe manyazi, amasaka dala ongoyamba kumene, ndipo mawu awo ndi amodzimodzi: "zinali m'sutikesi ya agogo anga."

Dzina la Bradman lisakuzunguzeni mutu. Anakhala ndi moyo mpaka 2001 ndipo ankasainira pafupifupi aliyense womulembera kalata, kotero siginecha yake payokha si yosowa. Yolembedwa ndi felt tip (cholembera chansonga yofewa) ndi ya zaka za m'ma 1960 kupita m'tsogolo, singakhale ya 1948. Kope la buku lake la 1950, Farewell to Cricket, limakwera mtengo ngati lili ndi chikuto chake chapepala chosang'ambika.

Pa Wisden, buku la cricket lotuluka chaka ndi chaka, napo pali msampha. Loyamba linatuluka mu 1864, koma makope akalewo anasindikizidwanso m'zaka zapambuyo pake, ndiye funsani chithunzi cha tsamba loyamba ndi la kuseri kwake. Chikuto chachikasu chinakhazikika mu 1938. Kuyambira 1889 munkakhala chithunzi cha osewera opambana a chakacho, ndipo anthu ankachichotsa n'kukachiika mu fulemu. Kope lopanda chithunzicho, kapena lomangidwanso popanda zikuto zake zoyambirira, mtengo wake umagwa kwambiri. Wogulitsa sangakuuzeni yekha.

Musaganizenso kuti dzina la pachikuto ndiye wolemba. Buku la 1899 la zikumbukiro za W. G. Grace, katswiri wa cricket wa ku England, anamulembera ndi mtolankhani Arthur Porritt. Chosowa chenicheni ndi kalata yolemba pamanja, yokhala ndi deti ndi envelopu yake.

Mukapeza chenicheni, musachiike laminate, chonde. Kutentha kwa makinawo ndi guluu wake sizibwerera m'mbuyo. Selotepi imasiya banga lofiirira. Dzuwa limafufutitsa inki, ndiye pakhoma pachikani fotokope. Chenichenicho chilowe m'kathumba kopanda asidi, m'bokosi lotalikirana ndi khoma komanso pansi, chifukwa chinyezi cha m'nyengo ya mvula ndi chiswe sizidziwa Bradman.

Lamulo ndi lakuti osagula chinthu chimene simunachigwire. Komabe mukamadikira kuchigwira muli kuno, mudzafa opanda kanthu, zabwino zimapita msanga. Muuzeni wogulitsayo ajambule vidiyo akupendeketsa pepalalo pa kuwala, kutsogolo ndi kuseri, pambali pake pali nyuzipepala ya lero. Akavomera, ndipo mtengo ndi woti mutautaya simungagone ndi njala, tengani, koma lipirani m'njira yoti ndalama zingabwezedwe. Akayamba kuti foni yavuta, musiyeni.