Yankho: Mkhalapakati wa mkangano wa munda ku Tsangano

Achimwene, mwafunsa za yemwe angakhale mkhalapakati pa mkangano wa munda wa banja lanu ndi banja lina ku Tsangano, ku Mozambique. Sankhani munthu amene mabanja onse awiri amukhulupirira, amenenso alibe gawo pa mundawo. Ankhoswe anu okha sangakwanitse, chifukwa a tsidya linalo adzati akukondera.

Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, ndipo tinabwerera kwathu ku Angonia chifukwa cha amkhalapakati otere. Zokambirana zothetsa nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo ku Rome zinayamba mu 1990, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Panadutsa zaka ziwiri Pulezidenti Chissano ndi Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, asanasaine pangano la mtendere pa 4 Okutobala 1992. Amkhalapakati aja analibe mfuti, anali ndi kudekha basi. Ndiye musayembekeze kuti bwalo limodzi pansi pa mtengo lithetsa zonse.

Kwathu mlandu wa malire utavuta, amfumu anayamba kumva mbali iliyonse payokha, mitima itazizira ndi pomwe anatikumanitsa. Zinathandiza kwambiri.

Koma poti mwati zikwanje zatuluka kale ndipo wina wavulala, kaneneni kupolisi lero lomwe, wovulalayo apite kuchipatala. Za mapepala a DUAT, a ufulu wogwiritsa ntchito malo, funsani loya. A IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa zamalamulo, amathandiza osauka kwaulere.