Kwa aphunzitsi a zamakaniko omwe kompyuta ikuwavuta

Aphunzitsi, musadikire kuti koleji ikutumizeni kukosi ya kompyuta. Yambani ndi kachipangizo ka OBD2, kaja kolumikiza pansi pa chiwongolero n'kumawerenga mavuto a galimoto pa foni. Kwa makaniko, kompyuta imayambira pamenepo, za Word ndi Excel zidzabwera pambuyo.

Ine ntchitoyi ndinaiphunzira nthawi ya kabureta, khutu ndi sipanala basi. Tsiku lina kunabwera Vitz yonjenjemera, nyali ya injini itayaka. Ndinasintha mapulagi onse, osatheka. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha anangolumikiza kachipangizo kake ka OBD2 kotchedwa ELM327, foni n'kulemba P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri sikuyaka bwino. Vuto linali koyilo, yomwe imapereka magetsi ku pulagi. Manyazi anandigwira ndithu, koma madzulo omwewo ndinamupempha kuti andiphunzitse.

Ophunzira anuwo akakakumana ndi magalimoto ochokera ku Japan, odzaza masensa. Kungoti tizipangizo tina totchipa sitiwerenga magalimoto ena a ku Japan, ndiye kayeseni pa galimoto musanalipire.

Uzaninso akuluakulu a koleji alembere TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kupempha kosi ya aphunzitsi. Olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa TEVETA (levy) wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a ntchito zamanja, choncho kupempha kosi ya aphunzitsi si kupemphetsa ayi.

Koma za magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius, musaphunzirire pa YouTube. Mawaya a olenji a m'magalimoto amenewa amanyamula magetsi oposa 100 volts, akhoza kupha munthu. Pamenepo itanani katswiri amene anachita maphunziro ake adzaonetse kalasi yanu.