Kuyankha azakhali pa nkhani ya mowa kumalo osewerera ana

Azakhali mwaswera bwanji, ndamvera voisi yanu ija, nde ndati ndiyankhire pagulupu pompano kuti ena onse amvere limodzi, poti ndikudziwa ambiri angokhala chete koma funso ali nalo lomwelo. Mwafunsa kuti pachithunzi ndinatumiza tili ku Disneyland Paris chija, chomwe chili mutambula kutsogolo kwa mkamwini wanu ndi mowa kodi, komanso zimatheka bwanji malo a ana nkumagulitsako mowa. Eya ndi mowa, sindikubisirani ayi, tambula imodzi, tinali pa chakudya chamasana mulesitilanti, adzukulu anu amamwa juwisi.

Koma mudziwe kuti maganizo anuwo simuli nokha, mwiniwake amene anayambitsa malo amenewa, Walt Disney, ankaganiza ngati inuyo ndendende. Atatsegula Disneyland yoyamba ku California mu 1955 anakaniratu, amati mowa umakoka anthu aphokoso, iyeyo amafuna malo oti kholo ndi mwana asangalale limodzi popanda kugundana ndi zidakwa. Ndipo lamulo limenelo linakhala nthawi yaitali zedi. Munali kamalo kamodzi kokha kobisika kotchedwa Club 33, kanatsegulidwa 1967, ka mamembala olemera okhaokha, apo mowa umapezeka, koma munthu wamba wogula tikiti pageti anadikira mpaka 2019 kuti agule mowa mupaki imeneyo. Tangowerengani, kuchoka 1955 kufika 2019. Ndipo ngakhale pamenepo anayika malire, kabala kake kotchedwa Oga's Cantina munthu mmodzi zakumwa ziwiri basi, mphindi 45 zikakwana tulukani ena alowe.

Nde ku France komwe tinapitako nkhani yake ndiyoseketsa. Anatsegula mu 1992 ndi lamulo lomwe lija la ku America, mowa ayi, vinyo ayi. Aaa, Afalansa anakwiya, chifukwa kwa iwowo vinyo pa chakudya chamasana si nkhani yoti munthu nkutembenuka kuyang'ana, agogo amamwa, aphunzitsi amamwa, katambula kamodzi ndi nyama yawo basi nkubwerera kuntchito. Anthu amabwera ochepa kusiyana ndi mmene eni ake ankayembekezera, ndalama zimalowa m'madzi, pofika 1993 anagonja nkuyamba kugulitsa vinyo m'malesitilanti. Sikuti vinyo yekha ndi amene anavutitsa bizinesi, panali zambiri, mitengo, mahotela ochuluka opanda alendo, koma nkhani ya vinyoyi ndi imene anthu amakumbukira mpaka lero.

Tsono ine maganizo anga ndi awa azakhali, ndipo ndikudziwa a Mvano anzanu akamva andinena. Mowa wapatebulo, munthu wakhala pansi, mbale ili kutsogolo, woperekera zakudya akumuona kuti wamwa zingati, umenewo ine sindikuuona vuto. Munthu wayenda kuyambira mmawa, mwana ali paphewa, chikwama kumsana, miyendo yatupa, akhale pansi amwe kamodzi, palibe mwana waonongeka pamenepo. Umene ndimakana ine ndi mowa woyenda nawo m'manja. Ku Magic Kingdom, paki ina ya Disney ku Florida, anayamba kugulitsa mowa mu 2012, lesitilanti imodzi yokha, madzulo okha, mowa ndi vinyo pa chakudya, osatuluka nazo panja, ndipo ine ndimati ameneyo anaganiza bwino. Koma pafupi pomwepo pali paki ina yawo yomwe, Epcot, inatsegulidwa 1982 ndipo mowa unalipo kuchokera tsiku loyamba. Mmenemo anamanga timidzi 11 toyimira mayiko, Mexico, Germany, Japan, Morocco ndi ena, kuzungulira kanyanja, nde anthu akuluakulu anayambitsa kamasewero kawo koti amwe chakumwa chimodzi m'dziko lililonse mpaka azungulire onse, ena mpaka kusindikiza matisheti a gulu lawo. Zakumwa 11 azakhali, padzuwa la ku Florida, pakati pa ana ndi tingolo ta makanda. Zimenezo ndiye ayi, olo ine amene ndikuikira kumbuyo mkamwini wanu sindingavomere.

Ndinazionapo ndi maso kupaki ina kuno ku England, sinditchula dzina. Tili pamzere wa kasitima kothamanga m'mwamba kaja, mizere yake imakhala yokhotakhota m'tizitsulo, mukalowa simungatuluke, kutsogolo anthu kumbuyo anthu, ndipo mutha kuima ola lathunthu. Kutsogolo kwathu kunali bambo wina ndi anzake, aliyense kapu yapulasitiki m'manja, nkhope zofiira psu, akukankhana mocheza, mowa kutayikira pa nsapato za mdzukulu wanu wamng'onoyu, masokosi onse nyoo, ndipo mawu amene amatuluka mkamwa mwawo sindingabwereze pagulupu pano pali ana. Mwana anangondigwira dzanja mwamphamvu nkubisa nkhope m'jekete langa. Titafika pokwerera, amene amayang'anira anali katsikana kakang'ono, mwina kongomaliza kumene sukulu, ndi kameneko kamayenera kumuuza chibambo chija kuti inu simukwera. Kanalimba mtima nkumuuza, iye nkuyamba kukalipa, kasitima kaima, tonse tikudikira mpaka alonda anabwera. Ine chimene chinandikhudza ndi katsikanako, mawu akunjenjemera koma kakubwerezabe kuti pepani simukwera. Amene anamugulitsa makapu onsewo ali kwina phee akuwerenga ndalama.

Chifukwa tisanamizane, nkhani yonseyi ndi ya ndalama. Mowa wamkati mwa paki mtengo wake mutha kugula mabotolo angapo kusitolo, ndipo wochokera kunja saloleza, pageti amasecha zikwama. Akanakhala kuti akudera nkhawa ana akanaletsa onse, koma aletsa wanuwo kuti mugule wawo. Komanso masiku ano amene amadzaza malo amenewa si mabanja okha ayi, kuli akuluakulu ambiri opanda ana, ena anakulira momwemo akubwerera ndi malipiro awo, nde eni ake akuwafuna amenewo chifukwa sawerengera ndalama ngati ife a ana atatu. Mapaki ena ndiye anachita kubadwira mumowa, Busch Gardens ku Tampa inayamba 1959 ngati munda wa fakitale ya mowa ya Anheuser-Busch, alendo amapatsidwa waulere kuti alawe, zinyama ndi zokwerakwera zinachita kuwonjezeka pambuyo. Pomwe ena ngati Dollywood ku Tennessee mkati mwa paki sagulitsa mowa ndipo anthu amadzaza bwinobwino, kusonyeza kuti amene amati popanda mowa bizinesi igwa akungonena. Achimwene a ku Joni atha kutiuza za Gold Reef City, ana akukwera zokwerakwera uku, kasino ili potero kungodumpha msewu.

Mwanenanso mawu ena amene ndawasunga, akuti mwana amaphunzira ndi maso. Zoona zimenezo, sinditsutsa. Koma nde aona chiyani? Akaona bambo ake amwa tambula imodzi ndi chakudya, nkuimirira bwinobwino, nkumunyamula kupita naye kokwera mahatchi ozungulira aja, waphunzira kuti munthu amatha kulekeza. Ana amenewa akukulira kuno komwe mowa uli m'sitolo iliyonse pafupi ndi buledi, sindingawabise, bola aone kumwa kwa ulemu kusiyana nkuti adzakumane nawo koyamba kwa anzawo kuseri kwa sukulu. Ndikudziwa inu munena kuti bola asamuone nkomwe akumwa, ndipo mmene munavutikira ndi anthu ena m'banja mwathu muno chifukwa cha botolo, amene sindiwatchula, ndikumvetsa kumene mukuchokera. Kwa munthu amene tambula imodzi siyimukwana, malo opanda mowa ndi chitetezo, ndipo mkazi wake amapuma tsiku limenelo. Nchifukwa chake ndimati mapaki ouma akhalepo ndithu, ndipo olo ogulitsawo, mbali ya tiana tating'ono kwenikweni mowa usafikeko.

Ndipo kwathu komweko nkhaniyi tili nayo, kungoti tilibe mapaki oterewa. Pitani ku Senga Bay pa 15 Okutobala tsiku la anakubala, kapena pa Khirisimasi, muone. Mabanja ayala zitenje pamchenga, ana ali m'madzi, pomwepo ma kulaboksi atsegulidwa kuyambira mmawa, zoimbira zili pamwamba, mabotolo osweka mumchenga momwe ana akuthamanga opanda nsapato, amene amayenera kuyang'anira mwana m'madzi maso ali pa botolo. Kulibe woperekera zakudya wowerenga, kulibe katsikana kokuuza kuti simukwera. Dzuwa likapendeka yemwe uja wamwa tsiku lonse ndi amene akutenga makiyi, ana asanu kumbuyo, msewu wa Salima kupita ku Lilongwe usiku ndi zokhota zake zija. Ku paki ya Paris ife tinapita pa sitima ndipo siteshoni ili pageti penipeni, palibe amayendetsa galimoto, nchifukwa chake sindinamuletse mkamwini wanu. Tikanakhala pagalimoto akanamwa juwisi ngati ana, ndipo amadziwa, sitikambirana nkomwe.

Nde poti tikupangana zopita kunyanja tonse tikabwera mu Disembala, ndineneretu pano pagulupu kuti pasadzakhale kukwiyirana. Kulaboksi ya mowa ikhala m'galimoto mpaka ana atuluke m'madzi ndipo tadya. Madalaivala awiri tisankhiretu tisananyamuke, amenewo ndi a Fanta tsiku lonse, ndipo mmodzi ndikhala ineyo. Wachiwiri achimwene muzikambirana nokha kumeneko, mundiuze pofika Lamlungu kuti tidziwe ngati tikufunika kuchita hayala minibasi.