Printa musaikolowekere pa kompyuta ya munthu amene amaweruka

Abale amene mukufuna kuti ofesi yonse izisindikiza kudzera pa kompyuta imodzi, mwandikanda pachilonda. Ife tinali ndi makompyuta asanu ndi atatu, ndipo onse ankadalira kompyuta ya mlembi wathu, pomwe printa inalumikizidwa ndi chingwe cha USB. Katswiri amene tinamulemba ganyu anatsegula Share this printer (malo a mu Windows ogawira printa ku makompyuta ena), nasindikiza tsamba limodzi, nalandira zake, n'kumapita.

Tsoka linatigwera mu Seputembala 2021, m'mawa wa tsiku limene tinkayenera kupereka zikalata za tenda isanakwane 10 koloko. Usiku wake kompyuta ya mlembi inali italandira update ya Windows, imodzi mwa zimene Microsoft inatulutsa potseka mipata ya mu Print Spooler (gawo la Windows loyendetsa zosindikiza) pambuyo pa vuto la chitetezo lotchedwa PrintNightmare. Ndinatumiza masamba 60, printa ili zii. Ndinaichotsa pa kompyuta yanga kuti ndiilumikizenso, ndipo apa ndi pamene panatuluka nambala yosonyeza vuto imene sindidzaiwala, 0x0000011b. Ndinazimitsa ndi kuyatsa zonse katatu, ndinayimitsa Print Spooler n'kufufuta zimene zinaunjikana mu foda ya spool\PRINTERS, koma sizinaphule kanthu. Bwana anaima kumbuyo kwanga osayankhula, akungoyang'ana wotchi, ine thukuta lili kamukamu. Mlembi anali asanafike, ndipo pasiwedi ya kompyuta yake, yomwe ikanasindikiza popanda vuto chifukwa printa inali pomwepo, ankaidziwa iye yekha ndi katswiri uja. Katswiriyo ndinamuimbira kasanu ndi kawiri osayankha. Madzulo ananditumizira uthenga wakuti mwina pepala latha. Munthu ameneyo sanatisiyire ngakhale kapepala kolembapo dzina la printa pa netiweki, ndipo pambuyo pake tinapeza kuti sanaipatse kompyuta ya mlembiyo IP (adiresi yake pa netiweki) yokhazikika, n'chifukwa chake printa inkasowa nthawi zina rauta (kachipangizo kolumikiza makompyuta pa netiweki) ikazima n'kuyakanso, ife n'kumanamizira mlembi wosalakwa. Pamapeto pake ndinazula chingwe cha USB, ndinanyamula printa yonse n'kukaiika pa desiki yanga, ndipo tenda inafika kutatsala mphindi zochepa.

Tsono ngati mwatsimikiza, chitani ndithu, chifukwa ngakhale ife tikusindikizabe mwa njira yomweyo. Kompyutayo ikhale ndi IP yosasintha, netiweki yake ikhale Private osati Public, isamagone yokha, ndipo anthu awiri adziwe pasiwedi yake. Kumbukiraninso kuti Windows 10 ndi Windows 11 zimalola makompyuta 20 okha kulumikizana nayo nthawi imodzi, komanso kuti kuyambira mu Ogasiti 2021 kuika draiva (pulogalamu yoyendetsa printa) kuchokera ku kompyuta yogawa printa kumafuna chilolezo cha administrator, woyang'anira kompyuta.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti, pofuna kuthetsa vuto la 0x0000011b, mulowe mu registry (momwe Windows imasunga malamulo ake amkati) n'kuika lamulo la RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0. Zimagwira ntchito, ndipo ine ndinachita zimenezo mawa lake, koma inu musatero, pakuti mukutsegulanso khomo limene update ija inatseka. Ma update aziikidwa pa makompyuta onse tsiku limodzi, osati tsiku loti mawa lake muli ndi ntchito yaikulu. Ngati printa yanu ili ndi polowetsa chingwe cha netiweki, ilumikizeni ku rauta mwachindunji kuti aliyense aziipeza pa IP yake, kompyuta ya mlembi ipume.