Komwe mungapeze mapu akale a mafamu a ng'ombe ku Sandhills

Achimwene, mwafunsa za mapu akale osonyeza pomwe panali nyumba, zitsime ndi misewu ya m'mafamu a ng'ombe ku Cherry County, m'dera la Sandhills ku Nebraska, m'dziko la America. Yambirani pa topoView, tsamba la pa intaneti la USGS, bungwe la boma la America lopanga mapu. Ndi laulere, ndipo lili ndi mapu ochokera m'zaka za m'ma 1880 mpaka 2006. Lembani dzina la tauni yapafupi, monga Valentine, kenako tsitsani fayilo ya mtundu wa GeoTIFF ngati mumagwiritsa ntchito QGIS (pulogalamu ya mapu ya pakompyuta), kapena ya mtundu wa KMZ ngati mumagwiritsa ntchito Google Earth.

Tengani a sikelo ya 1:24,000. Ngati sakufika zaka zomwe mukufuna, onani a 1:62,500. A 1:250,000 asiyeni, sakuonetsani tinyumba tonse kapena makina onse opopa madzi oyendera mphepo, pomwe kudera louma ngati limeneli zimenezo ndi zimene zimakuuzani komwe ziweto zinkamwera.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi chaka. Musadalire chaka cholembedwa kwambiri pakona. Werengani timalemba ta m'munsi kumanzere, pamene amanena chaka chomwe anajambula zithunzi pandege ndi chaka chomwe anakayendera malowo. Mapu angasindikizidwe patapita zaka zambiri, nyumba ija itagwa kale. Zolembedwa ndi utoto wa pepo anazionjezera pambuyo pake pongoyang'ana zithunzi, palibe anakaziona ndi maso.

Mapu akalewa ambiri amatsata njira yakale yoyezera pamene malo ali yotchedwa NAD27, pomwe foni ndi GPS zimatsata ina yotchedwa WGS84. Mukapanda kusintha zimenezi, chitsime chimasuntha ndi mamita makumi angapo. Kukwera kwa malo nako kuli m'mafiti, osati mamita.

Mizere yofiira yamakona anayi ndi magawo a malo: gawo limodzi ndi mailo imodzi mbali zonse, maekala 640. Lamulo la Kinkaid la 1904 linkapereka malo okula chomwecho kwa munthu mmodzi kumadzulo kwa Nebraska. Lembani manambala a township, range ndi section (manambala a pamapu osonyeza pomwe pali gawolo), mukawasake m'kaundula wa General Land Office, ofesi yakale ya boma yogawa malo, pa tsamba la BLM, bungwe loyang'anira malo a boma. Mupezamo dzina la amene boma linamupatsa malowo ndi chaka chake.

Mukafuna kukafika, dziwani kuti timisewu ta mizere yodukiza tambiri tili m'malo a eni. Pemphani kaye chilolezo, ndipo geti lililonse mulisiye momwe mwalipezera.