Tifunseni: Madzi a suweji adzadza m'chipinda chapansi, kodi khonsolo ilipira?

FUNSO

Akonzi, ndithandizeni chonde mutu wanga sukugwira. Ine ndi amuna anga tinagula nyumba zaka 6 zapitazo, ili ndi chipinda chapansi chija amati basement, ndimo timasunga makina ochapira, firiji yaikulu, mabuku a ana ndi zithunzi za ukwati wathu, komanso mwana wanga wamkulu amagona momwemo. Sabata ziwiri zapitazo mvula inagwa usiku onse, m'mawa ndikutsika masitepe ndinapeza madzi akuda onunkha ofika m'mawondo akutumphuka pa kabowo kotulutsira madzi ka pansi paja ndi mu toilet, mwayi wake mwanayo tsikulo anagona kwa mnzake. Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti chaka chatha ndinaimbira a khonsolo kawiri kuwauza kuti manhole a pamsewu pathu amasefukira mvula ikangogwa, anati tibwera koma mpaka lero palibe anaponda. Aneba atatu nawonso zawaonekera zomwezi. A inshuwalansi akuti za suweji sizili mu policy yathu. Kodi ndingawasumire a khonsolo, nanga ndiyambire pati?

Mayi wosweka mtima

YANKHO

Pepani kwambiri mayi, ndipo tithokoze kuti mwanayo sanali mmenemo chifukwa madzi akafika pa masoketi a magetsi munthu ali mtulo nkhani yake imakhala ina.

Ndiyambe ndi chinthu chimodzi choti muchite lero lomwe musanamalize n'komwe kuwerenga yankholi. Lembani kalata yopita ku khonsolo yowadziwitsa kuti katundu wanu waonongeka ndipo mukufuna chipukuta misozi. Anthu ambiri nkhani zoterezi amaluza asanafike n'kukhothi komwe, osati poti analibe mfundo ayi, koma anachedwa ndi kalata imeneyi, anatanganidwa ndi kukolopa ndi kukangana ndi a inshuwalansi mpaka masiku anatha. Kusumira boma kuli ndi nthawi yake yaifupi yosiyana ndi kusumira munthu wamba. Ku America, m'chigawo cha Michigan lamulo limapereka masiku 45 okha kuchokera tsiku lomwe mwaona kuonongekako, ku New York ndi masiku 90, ku California katundu wonyamulika ngati firiji yanuyo ndi miyezi 6. Simunanene komwe mukukhala nde funsani ku ofesi ya mlembi wa khonsolo kuti kwanuko ndi masiku angati komanso ngati ali ndi fomu yake, koma dziwani kuti masiku 14 apita kale. M'kalatamo muike dzina lanu, adilesi ya nyumbayo, foni, tsiku lomwe munaona madzi ndi zomwe zinachitika mwachidule. Olo musanawerengere ndalama zonse tumizani basi, mulembe kuti ndandanda wa katundu ukubwera. Mukapereka pamanja akudindireni kope yanu, ikakhala ya pa positi ikhale yosainira polandira. Kuimba foni musakuwerengere ngati mwadziwitsa.

Tsopano zovuta zija, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti mungomva bwino. Madzi kutuluka mu paipi ya khonsolo n'kulowa m'nyumba mwanu pakokha sizitanthauza kuti khonsolo ilipira. Makhothi ambiri amaona chonchi, mapaipi aliwonse anamangidwa kuti anyamule madzi ofika mulingo wakutiwakuti, mvula ikaposa pamenepo palibe amene walakwa. Amanenanso kuti zoti paipi ikhale yaikulu bwanji kapena ndalama za chaka chino zipite ku misewu kapena ku suweji ndi ziganizo za atsogoleri osankhidwa, khothi sililowererapo. Pomwe khothi limalowerera ndi pa kunyozera ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga paipi yatsekeka ndi mizu kapena mafuta oundana, anthu anena, iwo osabwera, kapena pampu yafa miyezi osakonza. Mlandu wanu onse wagona pa kusiyana kumeneku.

Kuti muone kulimba kwake, lamulo la ku Michigan la 2001 limafuna mwini nyumba aonetse kuti mapaipiwo anali ndi vuto, kuti boma limadziwa kapena limayenera kudziwa, kuti silinakonze mu nthawi yoyenera, komanso kuti vutolo ndi lomwe linachititsa theka kapena kuposa la kusefukirako. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa anthu. Mu June 2021 mvula yoopsa inagwa ku Detroit, mzinda wa ku Michigan komweko, ma basement zikwizikwi anadzadza, malo ena opopera madzi anali ndi vuto la magetsi usiku umenewo ndithu, koma chaka chotsatira bungwe loyang'anira suweji m'deralo, Great Lakes Water Authority, linakana madandaulo pafupifupi 24,000 ponena kuti ofufuza apeza kuti mvulayo inali yochuluka moti olo mapampu onse akanagwira ntchito madzi akanalowabe. Ku England bambo wina, Peter Marcic wa ku Stanmore mu London, pakhomo pake pamasefukira mobwerezabwereza kwa zaka poti mapaipi a m'deralo anachepa, anapita mpaka ku House of Lords, khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo nthawi imeneyo, ndipo mu 2003 analuza, oweruza anati nkhani yomanga mapaipi atsopano njira yake ndi kwa bungwe loyang'anira makampani a madzi osati kukhothi. Ku Ontario, chigawo cha ku Canada, anachita kulemba m'lamulo la makhonsolo la 2001 kuti simungasumire khonsolo pongoti madzi ake akusowetsani mtendere, muyenera kuonetsa kunyozera.

Sindikunena izi kuti mugwe ulesi. Mwa makalata omwe timalandira pankhani imeneyi yanuyi ili ndi poyambira pabwino, chifukwa cha mafoni awiri aja. Munawauza, anadziwa, sanabwere. Ntchito yanu pano ndi kusandutsa mafoniwo kukhala umboni wogwirika. Fufuzani mu foni kapena pemphani kampani ya foni ikupatseni ndandanda wa manambala omwe munaimba, onani ngati anakupatsani nambala ya dandaulo kapena anakutumizirani meseji, kumbukirani mwezi ndi tsiku. Kenako lembani kalata ina, yosiyana ndi yoyamba ija, yopempha zolembedwa za khonsolo zokhudza msewu wanu, madandaulo onse omwe analandira, tsiku lomwe anatsuka paipiyo komaliza, malipoti a kamera ngati anaunikamo, ndi zomwe anapeza atabwera itatha mvula ija ngati anabwera. Maiko ambiri ali ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zolembedwa za boma, ligwiritseni ntchito. Nthawi zambiri mumapeza kuti si inu nokha munaimba.

Aneba atatuwo ndi ofunika kuposa mmene mukuganizira. Chinthu choyamba chomwe khonsolo idzanene ndi choti vuto lili mu paipi yanu, ija imachoka m'nyumba kukalumikiza ku paipi yaikulu ya pamsewu, chifukwa m'malo ambiri imeneyo yonse kapena mbali yake ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo zoona imatsekeka ndi mizu ndi ma wipes omwe anthu amataya mu toilet. Koma nyumba zinayi sizingatsekeke mapaipi usiku umodzi. Khalani pansi ndi anebawo, aliyense alembe zomwe anaona ndi nthawi yake, ndipo aliyense atumize kalata yakeyake ku khonsolo, yanu siimira iwo. Muitanenso pulambala wokhala ndi kamera aunike paipi yanu, akupatseni vidiyo ndi lipoti lolemba losainidwa. Akangonena pakamwa kuti paipi yanu ili bwinobwino sizikuthandizani.

Za katundu, jambulani chilichonse musanataye, jambulaninso mzere womwe madzi anasiya pakhoma mutaimika tepi yoyezera pambali pake. Lembani ndandanda, chinthu, chaka chomwe munagula, mtengo, ndipo malisiti onse a okonza, opopa madzi ndi mankhwala otsukira asungeni mu envelopu imodzi. Musasiye zinthu zonyowa mmenemo poganiza kuti ndi umboni, chuku chimayamba pakangotha tsiku limodzi kapena awiri ndipo lamulo limayembekeza kuti inu muchepetse kuonongeka, mukalekerera adzakuchotserani. Matiresi, kapeti ndi mipando ya nsalu zomwe zamwa madzi a suweji n'zotaya basi, muvale magolovesi ndi jombo, ndipo mwanayo asabwerere kukagona mmenemo mpaka muume, mutsukidwe ndi mankhwala komanso wa magetsi aone mawaya. Dziwaninso kuti akalipira nthawi zambiri amawerengera mtengo wa chinthu mmene chinalili, firiji ya zaka 6 sadzakupatsani ya yatsopano.

Zithunzi za ukwatizo zandikhudza, palibe khothi lingakubwezereni zimenezo. Ngati zina zikadali zonyowa zitsukuluzeni pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira osapukuta kumaso kwake, muziyale chagada pamthunzi, zomwe zamatana musazikoke mokakamiza, ndipo zomwe zikuoneka zijambuleni ndi foni lero.

Khonsolo ikakuyankhani, kawirikawiri kudzera kwa a inshuwalansi ake, yankho loyamba likhoza kukhala lokana, musadabwe ndipo si mapeto. Ikakupatsani kandalama n'kukuuzani kuti musaine pepala, liwerengeni bwino chifukwa mapepala amenewo amatseka nkhani yonse, chuku chikadzatuluka m'makoma pakatha miyezi simudzabwereranso. Pa katundu wochuluka ngati wanuyu ine ndikanaonana ndi loya wodziwa milandu ya makhonsolo sabata ino, limodzi ndi anebawo kuti mugawane mtengo, ndipo mumufunse tsiku lomaliza lokasuma kukhothi poti limenelo ndi losiyana ndi la kalata ija.

FUNSO

Akonzi, ine inshuwalansi yanga inalipira titasefukiridwa koma anadula ndalama ija ya excess, gawo lomwe mwini policy amadzilipirira yekha, komanso pali malire omwe anaika nde zambiri ndakonza ndi za m'thumba. Ndingapitenso kukhonsolo kapena ndiye kuti ndadya kawiri?

Bambo wa ana atatu

YANKHO

Mukhoza kupita bambo, koma pa gawo lokhalo lomwe simunalipidwe, excess ija ndi zomwe zinapyola malire. Zomwe inshuwalansi inakupatsani simungazifunenso, ufulu wozilondola unapita kwa kampaniyo ndipo ikaona kuti khonsolo inalakwa imatha kukasuma yokha kuti ibweze ndalama zake. Nde auzeni kaye a inshuwalansiwo musanachite kanthu, afunseni ngati akulondola nkhaniyi ndipo ngati akutero aphatikizemo excess yanu, komanso musasaine chilichonse ndi khonsolo iwo asakudziwa chifukwa mukhoza kuwatsekera njira n'kuswa policy yanu. Masiku a kalata aja akukhudzani inunso, musadikire kampani. Ndipo poti mwaona kale kuti malirewo ndi ochepa, pokonzanso policy funsani zinthu ziwiri padera, madzi obwerera kuchokera mu suweji ndi madzi osefukira kuchokera panja, makampani ambiri amazigulitsa mosiyana ndipo policy wamba nthawi zambiri ilibe zonse ziwiri.

FUNSO

Akonzi, kwathu kunalibe vuto la madzi kwa zaka 15. Chaka chatha khonsolo inakonza msewu n'kuukweza, ngalande yakale anaikwirira, pano mvula iliyonse madzi amatsetsereka kuchokera pamsewu kulowa pa windo la basement. Ndinakadandaula anati ndi mvula ya masiku ano. Zoona zimenezi?

Agogo odandaula

YANKHO

Agogo, nkhani yanuyi ndi yosiyana ndi ya mayi oyamba aja ndipo kwa ine ndi yolimba kuposa. Kwa iwo funso ndi loti khonsolo inalephera kuchita kanthu, kwa inu khonsolo inachita kanthu ndi manja ake n'kutembenuzira madzi pakhomo panu, ndipo makhothi sakonda zimenezo. Ku America mpaka pali njira yosumira yomwe imati boma likamathira madzi pamalo a munthu mobwerezabwereza chifukwa cha ntchito yake lili ngati latenga malowo ndipo liyenera kulipira.

Yankho la mvula ya masiku anolo muligonjetse ndi masiku. Lembani tsiku lililonse lomwe madzi alowa, mupemphe a zanyengo akupatseni kuchuluka kwa mvula ya masiku amenewo ndi ya zaka za m'mbuyo, mukapeza kuti kale kunagwapo mvula yoposa imeneyi m'nyumba muli gwa, mfundo yawo yatha. Mvula ikamagwa tumani mdzukulu ajambule vidiyo yoonetsa komwe madzi akuchokera ndi komwe akulowera, mufunefunenso zithunzi zakale za pakhomo zooneka msewu ndi ngalande ija, olo za pa Google Street View poti m'malo ambiri imasunga zithunzi za zaka zakale. Pemphani mapulani a ntchitoyo ndi dzina la kontilakitala, nayenso akhoza kukhala ndi mlandu ngati sanatsate pulani, ndipo injiniya kapena saveya akayeza kutsetsereka kwa malowo n'kulemba lipoti ndiye umboni womwe khothi limaumvera.

M'kalata yanu musangopempha ndalama, pemphani kuti abwezeretse ngalandeyo kapena aike potchera madzi kutsogolo kwa nyumba yanu, mutumize kope kwa khansala wa dera lanu, ndipo madzi akalowanso mulembe kalata ina ya tsiku limenelo chifukwa kusefukira kulikonse kukhoza kukhala ndi masiku akeake owerengera. Podikira yankho tchingani windolo ndi matumba a mchenga kapena chivindikiro chake, lisiti lake mulisunge pamodzi ndi enawo.